Mwini Timu Ndani? Phunziro la ku Rustenburg

M'chaka cha 2018 mzinda wa Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, udataya timu yake ya mpira wamiyendo. Timuyo, Platinum Stars, idatuluka m'ligi yaikulu ya PSL kumapeto kwa nyengo ya 2017/18, ndipo eni ake, a Royal Bafokeng, adaigulitsa. Ogulawo adaisamutsira ku Cape Town, mtunda woposa makilomita 1,000, naipatsa dzina latsopano loti Cape Umoya United. Kutuluka m'ligi ndi tsoka lomwe wokonda mpira aliyense amalidziwa, ndipo timu yomwe yagwa chaka chino imatha kudzuka ikalimbikira. Timu yogulitsidwa ndi kusamutsidwa ilibe mwayi wotero. Ochemerera a ku Phokeng, ku Tlhabane ndi ku Waterfall East analibe liwu pa malondawo. Malamulo sadaphwanyidwe, komabe anthu adamva ngati alandidwa chinthu. Funso n'lakuti: kodi munthu angalandidwe chinthu chomwe pa pepala sichinali chake?

Chichewa chili ndi liwu lomwe lingathandize kuyankha funsoli, ndilo liwu loti "mwini". Liwuli limagwira ntchito ziwiri zosiyana. Mwini njinga angathe kuigulitsa, kuibwereketsa kapena kuisiya kuti ichite dzimbiri, ndipo palibe angamuzenge mlandu. Koma palinso mwini mbumba ndi mwini mudzi. Mwini mbumba amayankha milandu ya alongo ake ndi ana awo, amaimirira pa ukwati ndi pa maliro, koma sangagulitse mbumbayo. Umwini wake ndi udindo womwe adaupeza ndipo adzausiyira ena. N'chimodzimodzi ndi mawu osonyeza umwini: "njinga yathu" ndi chinthu chomwe anthu ali nacho, pamene "mudzi wathu" ndi malo omwe anthuwo ndi mbali yake. Wochemerera akanena kuti "timu yathu" amalankhula m'tanthauzo lachiwirili. Wolemba mgwirizano wa malonda amamva tanthauzo loyamba lokha. Mkangano wa eni matimu ndi ochemerera umayambira pamenepa.

Mbiri ya Platinum Stars ikuonetsa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Timuyi sidabadwire ku Rustenburg. Inali Silver Stars ya ku Limpopo, ndipo a Bafokeng adagula gawo lalikulu la timuyo m'chaka cha 2007, naisintha dzina. Idabwera ndi ndalama, idapitanso ndi ndalama. Komabe m'zaka za pakatipo padamera chinthu china chomwe sichidagulidwe. Timuyo idatchedwa Dikwena, kutanthauza ng'ona, nyama yomwe ndi chizindikiro cha mtundu wa Bafokeng. Inkasewera pa bwalo la Royal Bafokeng ku Phokeng, pomwe Ghana idagonjetsera United States pa mpikisano wa dziko lonse wa 2010. M'chaka cha 2013 idamaliza pa nambala yachiwiri m'ligi, kenaka idatenga zikho ziwiri, MTN8 ndi Telkom Knockout, pogonjetsa Orlando Pirates m'ndime zomaliza zonse ziwiri. Mmalawi Robert Ng'ambi anali mmodzi mwa mizati ya timu imeneyo. Izi zidachitika patangotha chaka chimodzi apolisi ataombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi ku Marikana, m'dera lomwelo, pa 16 Ogasiti 2012. Dera lomwe dzina lake linkamveka ndi maliro lidapeza chifukwa china chotchulidwira. Chikumbutso chotero sichilembedwa m'kaundula wa katundu wa kampani, ngakhale kuti ndicho chimapatsa timu mtengo wake.

A Bafokeng eni ake amadziwa bwino kusiyana kwa maumwini awiriwa. M'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya Kgosi Mokgatle, amuna a mtunduwu ankapita ku migodi ya dayamondi ku Kimberley, ndipo gawo la malipiro awo linkagulira malo omwe makolo awo ankakhalapo kale. Popeza malamulo a nthawiyo sankalola munthu wakuda kulembetsa malo m'dzina lake, malowo ankalembedwa m'dzina la amishoni. Mwini wa pa pepala anali wina, eni ake enieni anali ena, ndipo wa pa pepalayo ankangosunga. Pansi pa nthaka imeneyo mpomwe padapezeka pulatinamu, yemwe chuma chake chidamanga bwalo la ku Phokeng ndi kugula timu.

Mwini timu ali ndi yankho lomwe siliyenera kunyozedwa. Iye ndiye amalipira osewera, aphunzitsi ndi maulendo, ndipo timu ikalowa m'ngongole wochemerera salandira kalata ya kubanki. Chuma cha Bafokeng n'cha mtundu wonse, ndipo chimayembekezeredwanso ku sukulu, ku misewu ndi ku zipatala. Pamene malonda a pulatinamu adalowa pansi, komanso migodi itaima miyezi isanu pa sitiraka ya 2014, kunali koyenera kufunsa ngati ndalama za mtundu zipitirire kuthiridwa mu mpira. Ndiponso bwalo lokhala anthu pafupifupi 40,000 kawirikawiri linkakhala ndi mipando yambiri yopanda anthu. Waterfall East ikufotokoza chifukwa chake. Ndi dera la nyumba zatsopano za m'mipanda, lomwe lidakula ndi ntchito za m'migodi, ndipo ambiri okhalamo adachokera kwina. Wobwera amabwera ndi timu yake mumtima: wina Kaizer Chiefs, wina Orlando Pirates, Mmalawi Bullets kapena Wanderers. Timu ya pamalopo imakhala yachiwiri, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Wochemerera amene akufuna kuwerengedwa ngati mbumba ali ndi udindo wakenso, woti azipezeka pabwalo ngakhale timu ikugonja.

Komabe yankho limeneli likungotsimikiza kuti mwini ali ndi ufulu wotula katundu akalemedwa. Silikumupatsa ufulu wothetsa chomwe wasenzacho. Mwini mbumba akakalamba amasiyira mnzake udindo, ndipo mbumba imakhala pomwepo. Vuto lenileni lili m'malamulo a ligi, omwe amalola kuti mpando wa timu m'ligi ugulitsidwe padera, kusiya dzina, mzinda ndi ochemerera. Mpando wa Cape Umoya United udagulitsidwanso mu 2021, nubwerera ku Limpopo. Bidvest Wits, yomwe idakhazikitsidwa mu 1921 ndi kutenga ligi mu 2017 Gabadinho Mhango ali momwemo, idagulitsidwa mu 2020 itatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100. Bloemfontein Celtic, yodziwika ndi ochemerera oimba bwalo lonse, idagulitsidwa mu 2021 nisanduka Royal AM ya ku KwaZulu-Natal, ndipo mphunzitsi wake, Mmalawi John Maduka, adasamuka nayo. Mu 2025 Royal AM idachotsedwa m'ligi chifukwa cha mavuto a misonkho a mwini wake. Ku Bloemfontein mipando inkadzaza, choncho kusowa kwa ochemerera sikungakhale chifukwa chokhacho. Popeza ligi ya PSL imayendetsedwa ndi eni matimu omwewo, lamulo loletsa malondawa lingachepetse mtengo wa katundu wa anthu amene akuyenera kulikhazikitsa.

Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalama nawo amadandaulitsa ochemerera m'njira ziwiri. Kumene kulibe malire a malipiro, monga m'ligi ya PSL, wolemera amasonkhanitsa osewera abwino. Mamelodi Sundowns, ya banja la Patrice Motsepe, idatenga ligi kasanu ndi katatu motsatizana kuyambira nyengo ya 2017/18 mpaka 2024/25. Kumene kuli malire, chilango chimagwera wosalakwa. Ku England, lamulo lomwe linkaletsa timu kuluza ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu lidachititsa kuti Everton ilandidwe mapointi asanu ndi atatu ndipo Nottingham Forest anayi m'nyengo ya 2023/24. Oononga ndalama anali akuluakulu a matimu, koma olira anali ogula matikiti. Malamulo onse awiriwa amaona timu ngati bizinesi ya mwini wake, ndipo amangosiyana pa kuchuluka kwa ndalama zomwe mwiniyo angataye.

Njira ina ilipo. Ku Germany, lamulo la 50+1 la m'chaka cha 1998 limafuna kuti mamembala a kalabu akhale ndi mavoti ambiri kuposa wobweretsa ndalama, kupatula matimu ochepa omwe adapatsidwa chilolezo chapadera. Ku Malawi, Bullets idakhalapo Bata, Total, Bakili ndi Nyasa, ndipo Wanderers idakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Maina a othandiza ndi ndalama adasintha, koma matimuwo adakhalabe ku Blantyre, Maule ndi Manoma nakhalabe omwewo. Mpira wa ku Malawi uli ndi umphawi ndi mikangano yake, ndipo ochemerera ena adausokonezapo pofuna kudyerapo. Komabe wakhala ukusunga mfundo yoti wothandiza angalembe dzina lake pa yunifomu popanda kunyamula timu kupita nayo kwawo.

Choncho munthu angathe kulandidwa chinthu chomwe pa pepala sichinali chake, ngati chinthucho adachipanga nawo ndi zaka zake, ndalama zake za pachipata ndi ana omwe adawaphunzitsa kuchikonda. Ligi yozindikira izi ingalole mwini kugulitsa masheya ake ndi kupezapo phindu, koma dzina, mtundu wa yunifomu ndi mzinda wa timu zisasinthe popanda chilolezo cha ochemerera olembetsedwa, omwe nawonso azisonkha ndi kupezeka pabwalo. M'chaka cha 2025 Rustenburg idabwereranso m'ligi yaikulu kudzera mwa Orbit College, timu ya koleji ya ntchito zamanja ya m'deralo, yomwe idalowa popambana masewero a chipulula pabwalo. Lamulo lomwe lidachotsa Dikwena ku Phokeng likadzapanda kusintha, mpando uliwonse wopezeka ndi thukuta motero udzakhalabe katundu woti tsiku lina n'kugulitsidwa.