Kali Kokha pa Chipale Chofewa

Kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, mapiri a Alps amadzaza ndi anthu odzatsetsereka pa chipale chofewa. Amamanga kumapazi timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, n'kukwera phiri atakhala pamipando yolendewera ku chingwe, kutsika mwaliwiro, kukweranso, kutsikanso, mpaka dzuwa kupendeka. Ambiri amabwera ndi mabanja awo kapena m'magulu. Koma salephera kupezeka wina wofika yekha ku Chamonix kapena ku St. Moritz, wolipira chipinda cha anthu awiri iye ali mmodzi, wodya chamadzulo atayang'anizana ndi mpando wopanda munthu. M'malo ena anthu otere amawaikira mzere wawowawo pokwerera, kuti azitseka mipata yotsala pamipando ya eni magulu. Wodziwa Chichewa akamuona munthu ameneyu, mwambi umangobwera wokha pakamwa: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ine ndikuti mwambiwu sukumugwira. Koma chifukwa chake si chimene mwiniwakeyo angapereke mutamufunsa, pakuti iye anganene za ufulu ndi zakuti safuna thandizo la munthu, ndipo pamenepo m'pamene amanama.

Mlandu womutsutsa si wopepuka. M'buku la Genesis, zolengedwa zonse zitayamikiridwa kuti n'zabwino, chinthu choyamba kutchedwa chosakhala bwino ndicho kukhala yekha kwa munthu, ndipo apa tchimo linali lisanalowe n'komwe. Mlaliki, pa mutu 4, amachitira chisoni munthu amene wagwa popanda womudzutsa. Aristotle ankati wosasowa anzake ndiye kuti ndi chilombo kapena mulungu, zomwe sizitalikirana ndi mwambi wathu uja. Basil wa ku Caesarea, m'zaka za m'ma 300, anafunsa okonda kudzipatula funso lovuta kulizemba: munthu wokhala yekha adzasambitsa mapazi a yani? Ndipo pa chipale mawu a Mlaliki amasanduka masamu. Chipale chikagumuka m'phiri chimatsika ngati napolo, ndipo chikaima chimalimba moti wokwiririka sangasunthe ngakhale dzanja. Ofufuza amene anawerenga ngozi za ku Switzerland za pakati pa 1981 ndi 1991 anapeza kuti mwa anthu 100 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, oposa 90 amapezeka amoyo, koma pofika mphindi 35 amoyo amatsala pafupifupi 30 okha. Helikopita siikhala itafika pa nthawi yochepa chonchi. Wokupulumutsa ndi amene unali naye.

Komabe malemba omwewo ali ndi anthu okwera mapiri okha. Mose anasiya khamu m'tsinde mwa Sinai. Yesu atadyetsa anthu 5,000 anatsogoza ophunzira ake pa ngalawa, iye n'kukwera phiri yekha kukapemphera. Kukhala wekha kukanakhala uchinyama, nkhanizi sizikanalembedwa monga zinalembedwera. Choncho pali kukhala wekha kumene mwambi ukudzudzula ndi kwina kumene sukudzudzula, ndipo malo abwino oonerapo kusiyana kwake ali m'mapiri omwewa a Alps, chakumpoto kwa mzinda wa Grenoble. Kumeneko mu 1084 Bruno wa ku Cologne ndi anzake 6 anayambitsa nyumba ya amonke ya Grande Chartreuse, gulu lodziwika ndi kukhala chete ndi kudzipatula kuposa magulu ambiri a mpingo wa Katolika. Mmonke aliyense ali ndi kanyumba kake ndi kadimba kake kampanda. Amapemphera yekha, amagwira ntchito yekha, amadya yekha. Koma tayang'anani khoma la pafupi ndi chitseko chake: pali kazenera kakang'ono, ndipo tsiku ndi tsiku mbale wina amadutsa m'khonde n'kuikapo chakudya. Pakati pa usiku belu limalira, onse n'kukumana m'tchalitchi. Lamulungu amadyera limodzi, ndipo kamodzi pa sabata amatuluka kukayenda m'nkhalango awiriawiri, akucheza, kusinthanasinthana woyenda naye. Anthu amene athera zaka zoposa 900 akuphunzira luso la kukhala wekha anapeza kuti kukhala wekha kumafuna wophika, woliza belu ndi wodzagogoda ngati mbale ya dzulo yabwerera yosakhudzidwa. Ngakhale phiri lenilenilo linawaphunzitsa: mu 1132 chipale chinagumukira nyumba yawo yoyamba n'kupha amonke 7, ndipo otsalawo sanaume mutu, anatsika n'kukamanga pamalo otetezeka.

Mlendo wathu wa ku Chamonix ali m'kanyumba kotere, kungoti kazenera kake sakaona. Njira yosalala imene akutsetserekapo m'mawa sinasalale yokha. Usiku iye ali m'tulo, madalaivala anali kukwera ndi kutsika phiri pa zimagalimoto zoyenda ndi unyolo, nyali zili ngwee, kuphwanya mabuma ndi kupalasa chipale. Kusanache, alonda a m'phiri anakwera ndi zophulitsira kukagumula dala chipale cholendewera pamwamba pa njirazo chisanagwere munthu. Wina anazika mitengo yamitundu m'mbali mwa njira, yobiriwira, yabuluu, yofiira, yakuda, kuti mlendo adziwe pamene pali pofewa ndi pamene pali pothyola khosi. Ku Davos kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi kuyeza chipale ndi kulengeza tsiku lililonse kukula kwa chiopsezo pa muyeso wa 1 mpaka 5. Ndipo malamulo khumi a FIS, bungwe loyang'anira masewerawa, opachikidwa m'malo otsetserekera, amalamula aliyense wopeza ngozi kuti athandize, zomwe zikutanthauza kuti anthu osawadziwa omwe akumudutsa mbali ndi mbali ali kale pa pangano lomudzutsa akagwa. Munthu ameneyu si kanyama. Wazunguliridwa ndi mudzi wathunthu, ndipo zii amene akumva pamwamba pa phiri ndi chinthu chimene anthu ena amukonzera ndi manja awo. N'chifukwa chake mwambi sukumugwira, ndipo n'chifukwa chomwecho kudzitama kwake kuti sadalira munthu kuli kopanda mutu.

Wina atha kunena kuti kuyerekeza mmonke ndi munthu wa patchuthi n'kukometsera anthu a ndalama. Mmonke wasiya zonse, pamene uyu walipira ndege, hotela, tikiti yokwerera ndi zovala zodula kuti akasangalale sabata imodzi. Izi n'zoona, ndipo sindikufuna kudzoza mafuta oyera pa tchuthi. Blaise Pascal ankaona kuti anthu amathamangira masewera, ulenje ndi phokoso pothawa kukhala phee n'kudziyang'ana, ndipo kutsika phiri pa liwiro la galimoto ndi njira yabwino kwambiri yothawira maganizo. Alipo opita okha chifukwa anakangana ndi aliyense, alipo opita okha kuti akajambule zithunzi zoonetsa kuti ali okha, chomwe ndi chinthu choseketsa ukachiganizira, popeza wojambulira Facebook wanyamula khamu lonse m'thumba. Koma kuti chinthu chikhale chololeka sichiyenera kuyamba chakhala chopatulika. Yesu yemwe uja anaitanira ophunzira ake kumalo kopanda anthu kuti akangopuma, popeza anthu ankawapanikiza mpaka kusowa mpata wodyera. Papa John Paul II ankazemba ku Vatican mwakachetechete kupita kukatsetsereka kumapiri a Abruzzo, ndipo palibe amene anganene kuti ankadana ndi anthu. Namwino, mphunzitsi, mayi wolera makolo okalamba, aliyense amene tsiku lake lonse ndi kuyankha kuitana kwa ena, akapeza masiku oti palibe womufunsa kanthu, amayamba kumva maganizo ake amene phokoso linawakwirira. Hannah Arendt anasiyanitsa kusungulumwa, pamene munthu wasowa aliyense mpaka iye mwini, ndi kukhala wekha kumene munthu amacheza ndi mtima wake ngati anthu awiri, ndipo ankaona kuti chikumbumtima chimakulira m'kucheza kumeneku. Ngati zili choncho, tili tiwiri wa m'mwambi uja amayambira m'kati mwa munthu mmodzi. Amene sanayambe wakhalapo yekha amabwera pagulu wopanda chake, wongovomera zonse, ndipo gulu la anthu otere silichedwa kusanduka chigulu choponya miyala.

Pamene mlandu umavuta ndi m'mphepete mwa njira, pomwe pali chingwe ndi chikwangwani chochenjeza. Kuseri kwa chingwecho kuli chipale chosapondedwa, chofewa ngati ufa, chimene odziwa masewerawa amachilakalaka kuposa chilichonse. Kumeneko n'kumene kumafera ambiri mwa anthu pafupifupi 100 amene chipale chogumuka chimapha m'mapiri a Alps pa chaka. Wodumpha chingwe ali yekha amati moyo ndi wake ndipo akafa wafa yekha. Mawuwa amamveka olimba mtima, koma zida zimene wanyamula zimamutsutsa. Opita kunja kwa njira amavala pachifuwa kawailesi kakang'ono kotumiza chizindikiro mosalekeza pa 457 kHz, ndipo m'chikwama amaikamo fosholo ndi ndodo yolumikiza yofufuzira m'chipale. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene munthu angadzipulumutse nacho. Fosholo yako ndi yofukulira mnzako, ndipo iwe moyo wako uli m'chikwama cha iyeyo. Woyenda yekha kawailesi kake kamalirabe pansi pa chipale, koma kamangothandiza kupeza mtembo. Tsono mtembowo sausiya. Madzulo a kuhotela akaona kuti kiyi sinabwerere amaimba foni, ndipo amuna ndi akazi okhala ndi ana kunyumba amanyamuka ndi agalu kukayenda pansi pa phiri lomwe langogumuka kumene ndipo lingagumukenso.

Nkhani ya Richard Byrd imaonetsa kuti munthu alibe mphamvu yoletsa ena kumutsatira. Mu 1934 mkulu wa asilikali a pamadzi wa ku America ameneyu anasankha kukhala yekha miyezi ya mdima ya ku Antarctica m'kanyumba kokumbira m'chipale, pafupifupi makilomita 200 kuchokera kumene kunali anzake. Mpweya wakupha, wonga uja wa mbaula ya makala m'nyumba yotseka, unayamba kumudwalitsa. Iye anabisa matendawo polankhula nawo pa wailesi, poopa kuti angaike miyoyo yawo pachiswe pobwera kudzamutenga. Anzakewo anazindikira okha kuti mauthenga ake sakumveka bwino, ndipo anthu atatu anayenda pa thirakitala mu mdima ndi kuzizira koopsa mpaka anamupeza ali moyo mu Ogasiti. Anayesetsa kuti imfa yake ikhale yake yokha, koma sanathe. Mwambo wosasiya munthu m'chipale ndi wakale ku Alps komweko. Pa mpata wa Great St Bernard, mamita 2,469 pamwamba pa nyanja, pali nyumba ya alendo imene Bernard wa ku Aosta anayambitsa cha m'ma 1050, ndipo kwa zaka mazana ansembe ake ankatuluka kukafunafuna apaulendo osochera, osayamba afunsa ngati osocherawo anachenjezedwa kapena ayi.

Pali amene angatchule Erling Kagge wa ku Norway, yemwe anafika ku South Pole mu Januwale 1993 atayenda yekha pa ski masiku 50 osalankhula ndi munthu. Kodi ameneyu analakwa? Sindikuganiza choncho, koma taonani kusiyana kwake. Anakonzekera nthawi yaitali, anthu ankadziwa kumene wayambira ndi kumene akulowera, ndege inamutula, ndipo kumapeto kwa ulendo kunali anthu a pa siteshoni ya Amundsen-Scott omulandira. Ngakhale mneneri Eliya, atathawira ku Horebu n'kumadandaula kuti watsala yekha, anayankhidwa kuti alipo ena 7,000 amene iye sankawawerenga, ndipo anauzidwanso kuti abwerere njira yomwe anadzera akadzoze womulowa m'malo.

Choncho chimene chimalekanitsa munthu ndi kanyama pa chipale si chiwerengero cha matikiti amene wagula. Wobwera yekha amene wauza wa kuhotela kumene akupita ndi nthawi yobwerera, amene wawerenga chenjezo la tsikulo, amene akafuna chipale chosapondedwa amalemba ganyu wotsogolera kapena kulowa m'gulu la alendo anzake, amene akaona mwana wa eni atagwa amaima n'kuzika timatabwa take mopingasa pamwamba pake kuti otsika asamugunde, ameneyo akuyankha funso la Basil ngakhale adye yekha madzulo. Ndipo alipo obwera khumi m'basi imodzi amene amasiya mnzawo wochedwa m'mbuyo chifukwa chothamangira mowa.

Cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo mipando ija imaima. Otsetsereka onse akatsika, alonda a m'phiri amayambira pamwamba, aliyense njira yake, kutsika pang'onopang'ono, kuyang'ana kuseri kwa mitengo ndi m'maenje, kuima n'kumvetsera. Akapeza wina atatopa kapena atathyoka mwendo amamutsitsa pa chileyi. Akafika pansi amanena pa wailesi kuti njira yatsekedwa ndipo simunatsale munthu, kenako zimagalimoto zosalaza zija zimayatsa nyali n'kuyamba kukwera.