Kodi Salmo 91 Limagwira Ntchito Pansi pa Mgodi?

MU November 2020, mgodi wakale wa golidi wa Ran, ku Bindura mu Zimbabwe, unagumuka ndi kukwirira amuna amene anali kukumbamo paokha. Ena anapulumutsidwa, ena sanatulukemo. M'dera limenelo, kumene mabanja ochokera ku Malaŵi agwira ntchito ya m'migodi kwa mibadwo, ofedwa angafunse kuti: Kodi Mulungu anasankha oti apulumuke?

Salmo 91 limayerekezera Mulungu ndi linga, ndiponso ndi mbalame yofungatira ana ake. Komatu Satana anagwira mawu salmo lomwelo pouza Yesu kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, ndipo Yesu anakana, popeza kuti kumeneko kukanakhala kuyesa Mulungu. (Mateyu 4:5-7) Chotero salmolo si chithumwa. Mwamuna woloŵa m'dzenje losalimba chifukwa chakuti ana ake agona ndi njala sayenera kuweruzidwa mofulumira. Komabe, ndakatuloyo singaloŵe m'malo mwa mizati yochirikiza denga.

Nanga bwanji za akufawo? Yobu, amene m'chaputala 28 anafotokoza okumba miyala akulendeŵera mumdima kutali ndi anthu, anali atafedwa ana khumi pamene nyumba inawagwera. Iye anayembekezera kuti ngakhale atagona m'manda, Mulungu akamkumbukira ndi kumuitana.—Yobu 14:13-15.