Mfundo Zofunika: Mayi Asaiwalike Akachira

Ku United States, pa ana 1,000 obadwa kwa amayi akuda, pafupifupi 11 amamwalira asanakwanitse chaka chimodzi, pomwe kwa azungu ndi ana osakwana 5. Ambiri mwa ana amenewa amakhala kuti abadwa masiku asanakwane kapena abadwa opepuka kwambiri. Nazi mfundo zoti tisinkhesinkhe.

1. Vutoli silochokera kumtundu. Mu 1997, madokotala Richard David ndi James Collins anapeza kuti ana a amayi obadwira ku Africa amene anasamukira ku America ankabadwa olemera pafupifupi ngati ana a azungu, koma ana a amayi akuda obadwira ku America konko ankabadwa opepukirapo. Chimene chimafooketsa mayi ndi moyo umene wakuliramo: tsankho, umphawi komanso kusamveredwa akadandaula kuchipatala. Zimene anthu anayambitsa, anthu angathenso kuzithetsa.

2. Mwana wotsatira amasamalidwa asanakhale m'mimba. Kuthamanga kwa magazi, shuga, kuchepa kwa magazi ndi matenda a nkhawa zimafunika kuthandizidwa mayi asanaimenso. Akadikira tsiku loyamba la sikelo, nthawi zina zinthu zimakhala zitaonongeka kale.

3. Thupi limafuna kupuma. Bungwe la WHO limalangiza kudikira zaka ziwiri mayi asanatengenso pathupi. Kulera kuperekedwe mwaulemu, mayi asankhe yekha njira, ndipo bambo asaone ngati nkhaniyi siikuwakhudza.

4. Amene anavutikapo ayambe kuthandizidwa. Mayi amene anaberekapo masiku asanakwane ali pachiopsezo choti zichitikenso. Chipatala cha Grady ku Atlanta chinayesa kutsatira amayi akuda otere atabereka, kuwathandiza pa matenda, kulera ndi mavuto apakhomo. Chifundo chenicheni chimalondola munthu mpaka kunyumba.

5. Lamulo likhoza kupulumutsa kapena kutaya. Kwa zaka zambiri, Medicaid, thandizo la boma lolipirira osauka kuchipatala, linkatha kwa amayi ambiri pakapita masiku 60 atabereka. Lamulo la 2021 linalola zigawo za dzikolo kulitalikitsa mpaka miyezi 12, ndipo zambiri zatero.

6. Tisamangonyamula khanda n'kuiwala wolibereka. Achibale, mpingo ndi anamwino afunsenso mayiyo za thanzi lake, ndipo akayankha amveredwe posayang'ana khungu lake. Dziko lofuna kuti ana ake onse akule mofanana liyenera kusamalira amayi awo mofanana.