Mbale Imodzi Yoyezera: Zimene Tchesi Ikutifunsa za Mwana Wamkazi



Tonsefe tikuudziwa mthunzi umene amaseweramo bawo. Kuno kwa Kanduku, dzuwa likapendeka, pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde la golosale pamakhala abambo awiri atayang'anizana, ena atawazungulira, aliyense akuwerenga njere chamumtima. Kamnyamata ka zaka 8 kamatha kuima pamenepo mpaka chisisira, popanda wokathamangitsa. Chaka chikamatha kamakhala katadziwa kale misampha ya akuluakulu. Mlongo wake amadutsa pomwepo ndowa ili pamutu, kapena atasenza dengu la manachesi kupita nalo kumsewu. Akangoima pang'ono kuti aone, mawu amamupeza msanga: "Iwe, madzi aja afika nthawi yanji?"

Pakadzapita zaka 20, mlendo n'kudzafunsa chifukwa chake akatswiri onse a bawo m'mudzi muno ndi amuna, tidzamuyankha chiyani? Ambirife tidzati, "Akazi mutu wawo si wa bawo." Sitidzakhala tikunama dala, poti ndi zimene maso athu aona. Funso la phunziro lathu lero ndi ili: kodi zimene maso aonazo n'zokwanira kuti tiweruze motero?

Funso lomweli likuvutitsa anthu a m'maiko akutali pa masewero ena, a tchesi. Tchesi imaseweredwa ndi anthu awiri pa bolodi la timabwalo 64, aliyense ali ndi tizidole 16, ndipo wopambana ndi amene watsekereza mfumu ya mnzake. Sipafunika minofu kapena liwiro. Agogo aakazi angathe kugonjetsa mnyamata wa dzitho. Komabe tikayang'ana pamwamba penipeni, akazi ndi ochepa zedi. Bungwe la FIDE, limene limayendetsa tchesi padziko lonse ndipo linayamba mu 1924, limapereka udindo wa grandmaster kwa akatswiri oposa onse. Anthu amene alandirapo udindowu ndi pafupifupi 2,000, koma akazi mwa iwo sakwana 50. Woyamba anali Nona Gaprindashvili wa ku Georgia, mu 1978. Mpaka lero palibe mkazi amene anakhalapo katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa anthu onse.

Mu 2015, Nigel Short wa ku England, amene analimbiranapo ukatswiri wa dziko lonse mu 1993, analemba kuti ubongo wa amuna ndi wa akazi unapangidwa mosiyana, ndiye ndi bwino kungovomereza. Ife kuno tili ndi njira yathu yonenera zomwezo: ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Kupsa mtima ndi mawu oterewa n'kosavuta, koma sikuyankha kanthu. Tiyeni tiwaike pa sikelo.

Tiyambe ndi kuwerenga. Tiyerekeze kuti tili ndi madengu awiri a manachesi othyoledwa mumtengo umodzi, lina muli 90, lina muli 10. Wina atatiuza kuti tipeze nachesi lalikulu kuposa onse, nthawi zambiri tidzalipeza m'dengu la 90. Sikuti manachesi a m'dengu laling'onolo ndi a mtundu wachabe, koma kuti komwe kuli zambiri n'komwe kumapezeka zachilendo. Pa mndandanda wa osewera a FIDE, mwa anthu 10 aliwonse, mkazi amakhala pafupifupi mmodzi. Akatswiri a masamu amatsutsanabe ngati kuchepa kumeneku kukufotokoza mpata wonse kapena gawo chabe. Koma ngakhale litakhala gawo chabe, funso lasuntha kale. Tisanafunse za ubongo, tiyenera kufunsa kuti dengu la akazi linachepa bwanji.

Apa m'pamene mbiri ya Judit Polgár imatithandiza. Iye anabadwa mu 1976 ku Budapest, m'dziko la Hungary. Makolo ake, László ndi Klára, anaphunzitsa ana awo aakazi atatu, Susan, Sofia ndi Judit, pakhomo, ndipo tchesi ankasewera maola ambiri tsiku lililonse kuyambira ali aang'ono. Mu 1991 Judit anakhala grandmaster ali ndi zaka 15 ndi miyezi 4, wamng'ono kuposa mmene analili Bobby Fischer wa ku America pamene ankalandira udindowu. Mu 2002, ku Moscow, anagonjetsa Garry Kasparov, amene pa nthawiyo anali pa nambala 1 padziko lonse, ndiponso amene kale ankalankhula mopeputsa akazi osewera tchesi. Mu 2005 Judit anali pa nambala 8 pakati pa osewera onse, amuna ndi akazi omwe.

Tisathamangire kunena kuti nkhani yatha. Munthu mmodzi satsimikizira zonse, ndipo sitikunena kuti makolo atulutse ana kusukulu n'kuwakhazika pa bolodi usana wonse. Koma taonani chimene Judit anali nacho chimene mtsikana wa ndowa uja alibe. Anali ndi nthawi, anali ndi omuphunzitsa, ndipo m'nyumba mwawo munalibe womuuza kuti izi si za akazi. Atsikana atatu atapatsidwa zimene anyamata aluso amapatsidwa, onse atatu anakhala akatswiri, awiri mpaka kukhala ma grandmaster. M'mera m'poyamba.

Tsopano tibwere kwathu kuno, poti n'komwe nkhaniyi ikutigwira pakhosi. Dziko la Malawi lilibe grandmaster ngakhale mmodzi, wamwamuna kapena wamkazi. Anzathu a ku Zambia ali naye Amon Simutowe, amene analandira udindowu mu 2009. Kodi munamvapo Mmalawi akunena kuti amuna a ku Malawi ubongo wawo si wa tchesi? Ayi. Timati tilibe aphunzitsi okwanira, mabolodi ndi ochepa, mipikisano ndi yapatalipatali, ndalama zokwerera ndege kukakumana ndi akatswiri palibe. Ndipo timanena zoona. Munthu wa ku Ulaya atabwera n'kunena kuti Amalawi analengedwa operewera nzeru za tchesi, tonse tingamudzudzule, ndipo tingachite bwino.

Nanga n'chifukwa chiyani tikafika pa akazi timasintha muyezo? Mwamuna akalephera timaloza mwayi umene anasowa. Mkazi akalephera timaloza chilengedwe chake. Tonse tikumudziwa wamalonda wa mbale ziwiri, yaikulu yogulira chimanga kwa mlimi ndi yaing'ono yogulitsira. Pamsika timamutcha wakuba. Koma pa nkhani ya ana athu, ambirife timayenda ndi mbale ziwiri osadziwa n'komwe. Chilungamo chimayamba ndi kutaya mbale imodzi. Chifukwa chimene timavomera pofotokoza kulephera kwa mwana wathu wamwamuna, tichivomerenso kwa mlongo wake, kufikira titaona kuti onse awiri analandira zofanana.

Ndipo tili naye munthu wathu amene akuonetsa zimene mpata waung'ono ungabale. Mayi Susan Namangale anakulira m'mudzi wa Chombo ku Nkhotakota. Anayamba tchesi ali ndi zaka 9, ndipo iwo ndi anzawo anasonkha tindalama tawo n'kugula mabolodi awiri a pasukulu. Mu 2018 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la tchesi m'dziko muno, la Chess Association of Malawi, mkazi woyamba pa mpandowo. Mu 2022 anasankhidwanso kutsogolera tchesi m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa. Anayambitsa Dadaz Chess Academy, ndipo akhala akutengera masewerowa kusukulu zakumidzi ngakhale kundende. Mayiwa si grandmaster. Koma ngati tsiku lina Malawi adzakhala naye grandmaster, n'kutheka kuti bolodi lake loyamba lidzakhala litadzera m'manja mwa mayi ameneyu. Akanakhala kuti ali ndi zaka 9 wina anawauza kuti madzi akudikira, anyamata ambirimbiri amene aphunzira tchesi kudzera mwa iwo akanaluza nawo.

Pali funso lina lovutirapo, limene ngakhale akazi osewera tchesi sagwirizana. Kuyambira mu 1927, pamene Vera Menchik anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse wa akazi, pakhala mipikisano ya akazi okha. Palinso maudindo a akazi okha. Kuti munthu akhale grandmaster amafunika kufika mapointi 2500, koma udindo wa grandmaster wa akazi umafuna 2300. Ena amati izi zimalimbikitsa atsikana, zimawapatsa mphotho ndi anzawo ocheza nawo, ndiponso malo amene sachita mantha. Manthawo si ongopeka. Mu 2023 akazi osewera tchesi a ku France analemba kalata yapoyera yodandaula za kunyozedwa ndi nkhanza zokhudza kugonana m'masewerowa, ndipo akazi oposa 100 a m'maiko osiyanasiyana anaisainira. Koma ena amati muyezo wotsika umauza mtsikana mwakachetechete kuti apa m'pamene pali malire ako. Judit Polgár sanalimbiranepo ukatswiri wa dziko lonse wa akazi okha. Hou Yifan wa ku China, amene anautenga mu 2010 ali ndi zaka 16, pambuyo pake anausiya n'kumapikisana ndi amuna.

Ife alimi a mitengo ya zipatso tingamvetse mbali zonse ziwiri. Mbande imafuna nazale. Ukaiponya padzuwa la mu Okutobala ikadali yanthete, imauma. Koma ukaisiya m'chubu chaka ndi chaka, mizu imapindikira mkati ndipo mtengowo sukula. Nazale ndi yabwino ngati mwini wake akukumbukira kuti munda ulipo. Chomwechonso, gulu la atsikana okha, kaya ndi la tchesi kaya ndi la masamu, liyesedwe ndi funso limodzi: kodi likuwakonzekeretsa kukakhala pa bolodi limodzi ndi aliyense, kapena likuwachotsa kuti asasokoneze amuna?

Mwina wina pakati pathu akuti, "Zonsezi n'zamasewera. Tchesi sadyera nsima." N'zoona. Koma chiweruzo chimene timapereka pansi pa mtengo wa bawo sichitsalira pomwepo. Mtsikana amene wamva kuti mutu wake si wowerenga njere amapita nacho m'kalasi ya masamu. Amapita nacho ku komiti ya mjigo, kumene amasunga chinsinsi cha nzeru zake n'kumangophika tiyi. Amapita nacho m'banja, kumene ndalama ya manachesi amene anasenza yekha imakonzedwa ndi wina. Ngakhale pa zokambirana zathu zomwezi, tadzifunsapo kuti ndani amayamba kulankhula ndipo ndani amadikira kufunsidwa? Mudzi umene umagwiritsa ntchito theka la mitu yake umaganiza ndi theka la nzeru zake, ndipo amuna amavutika nawo limodzi.

Chikhulupiriro chathu chimatiphunzitsa kuti mzimu wa munthu si wamwamuna kapena wamkazi, ndi kuti banja likalephera kuphunzitsa ana onse, liyambe ndi mwana wamkazi. Kuvomera zimenezi tili pamkeka pano n'kosavuta. Mayeso ake amabwera 4 koloko madzulo, pamene ndowa ili yopanda madzi, nkhuni zatha, ndipo mwana wamng'ono akulira. Madzi ayenera kutungidwa ndithu. Ola limene tikufuna kupatsa mtsikana silidzagwa kumwamba, lidzachoka kwa munthu wina. Lidzachoka kwa mchimwene wake, amene adzasenze chigubu pomwe anzake akumuseka. Lidzachoka kwa bambo, amene adzanyamuke pa bawo masewero asanathe. Lidzachokanso kwa ife amayi, pakuti kawirikawiri mawu aja akuti "madzi afika nthawi yanji" amatuluka pakamwa pathu, ndipo timaopa kuti anzathu adzati sitinalere bwino. Kufanana kumene sikutayitsa munthu kanthu kumakhala kwa pakamwa chabe.

Kodi tsiku lina akazi adzachuluka mofanana ndi amuna pamwamba pa tchesi? Yankho lidzaoneka pamene madengu awiri aja adzafanane, ndipo ife sitinafike pamenepo. Chimene chili m'manja mwathu n'chaching'ono koma n'chenicheni. Bolodi la tchesi lingajambulidwe pa katoni, zitsekero za mabotolo n'kukhala tizidole. Bawo angakumbidwe pansi ndi kamtengo. Chodula si bolodi, koma kulola mtsikana kukhala pansi ola lathunthu akuganiza, popanda womuitana, ndiponso kulandira mwaulemu tsiku limene adzatigonjetse anthu akuona.

Mafunso oti tikambirane

1. M'nyumba mwathu, kuyambira poweruka kusukulu mpaka mdima, mwana wamwamuna amachita chiyani ndipo wamkazi amachita chiyani? Tiwerenge maola moona mtima.

2. Ndi pa nkhani ziti zina pamene timagwiritsa ntchito mbale ziwiri, kuloza mwayi kwa wina ndi kuloza chilengedwe kwa mnzake?

3. Magulu a atsikana okha amene tikuwadziwa m'dera lino, kodi ndi nazale kapena ndi chubu? Tingadziwe bwanji?

4. Ngati mtsikana wa pakhomo pathu apatsidwe ola limodzi sabata ino, lichoka kwa yani, ndipo ndani akamuuze munthuyo?