Kodi Kusadziwa Ndi Mlandu?

Azakhali anga akhala akupereka uphungu kwa anthu osweka mtima kuyambira ine ndisanabadwe. Satifiketi yawo, imene adalandira m'zaka za m'ma 1990, ili m'galasi pabalaza, ndipo mlendo akalowa amayamba waiona iyo asanaone mpando. Sindidziwa munthu wina wachifundo kuwaposa. Komatu ndi iwo omwewo amene adandisiyira funso limene landisowetsa tulo teremu ino: kodi munthu akapweteka mnzake pomuthandiza ndi nzeru zimene sadadziwe kuti zidatha ntchito, ali ndi mlandu kapena ayi?

Nkhaniyi idayamba mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope nakwirira nyumba ku Chilobwe. Azakhali adadzipereka kukathandiza pa msasa wina wa pasukulu, ndipo adachita monga momwe adawaphunzitsira kale: kuitana opulumuka mmodzimmodzi ngozi ikadali yaiwisi, kuti aliyense afotokoze zonse zimene adaona ndi kumva, poti amati chithupsa chimapola ukachifinya. Mayi wina, amene madzi adamulanda mwana kumsana, adakana kuyankhula. Azakhali adamuumiriza mwachikondi. Mayiyo adayankhuladi, thupi lonse likunjenjemera, koma kuyambira tsiku limenelo akawaona akubwera ankazembera kuseri kwa kalasi.

Patapita miyezi, azakhali adaitanidwa ku maphunziro a masiku atatu, oyamba pa zaka zambirimbiri. Kumeneko ndi kumene adamva mbiri ya njira yawo ija. Idatchuka kuchokera ku Amereka, kumene Jeffrey Mitchell adaikonza mu 1983 pofuna kuthandiza ozimitsa moto ndi a maambulansi, kenaka anthu ena adaifalitsira kwa aliyense woona zoopsa. Koma pofika mu 2002, akatswiri a bungwe la Cochrane, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, adapeza kuti kuyankhulitsa munthu kamodzi kotereku sikumuteteza ku matenda a maganizo obwera pambuyo pa ngozi, ndipo ena kumawaonjezera ululu. Mu 2011 bungwe la WHO lidatulutsa malangizo a thandizo loyamba la m'maganizo: ona chimene munthu akusowa, mumvetsere ngati afuna kuyankhula koma usamukakamize, mupezere madzi ndi pogona, mulumikizane ndi abale ake. Azakhali atabwerako adakhala pakhonde nthawi yaitali, nandiuza kuti, “Mwanawe, zaka zoposa 20 dziko likudziwa, ine ndekha osadziwa.”

Ine ndidafulumira kuwatonthoza kuti mtima wawo udali wabwino. Koma nditabwerera kuno ku koleji mawu angawo adayamba kundinyansa. Kodi mtima wabwino wa azakhali udamupindulira chiyani mayi uja? Sing'anga amene wakumwetsa mankhwala olakwika akumwetulira, mimba imapotabe chimodzimodzi. Aristotle, m'buku lachitatu la Nicomachean Ethics, adasiyanitsa kusadziwa kumene munthu sakadachitira mwina ndi kusadziwa kumene wadzipatsa yekha ponyalanyaza zimene adayenera kudziwa, pamene kuzidziwa kudali kosavuta. Koyambako timakukhululukira, kwachiwiriko timakuimba mlandu. Tsono funso lenileni ndi ili: kodi kwa azakhali kudziwa kudali kosavuta?

Apa ndi pamene chala changa chidachoka pa iwo okha. Mlangizi sayenera kugwira ntchito yekha. Pamwamba pake pamakhala womuyang'anira, amene ntchito yake ndi kukhala naye pansi, kumva m'mene akuyendetsera milandu ya anthu ake, ndi kumuuza kuti apa wakhoza, apa wasokera. Wa azakhali ankabwera ndithu, koma kudzatenga mafomu ndi kuwerenga mitu ya anthu amene aonedwa mwezi umenewo. Ndikukayika ngati iye mwini adaiwerengapo nkhani ya 2002 ija. Woyang'anira wosaphunziranso ndi woopsa kuposa mlangizi wosaphunziranso, chifukwa kulakwa kwake kumalowa m'zipinda khumi nthawi imodzi, ndipo kumalowa kutavala ulemu wa udindo.

Mnzanga wina wa m'chipinda chathu adanditsutsa. Iye akuti kumvetsera ndi mphatso, ndipo ankhoswe ndi anamkungwi akhala akumanga mabanja chikhalire popanda semina. Koma waiwala kuti nkhoswe siweruza yokha. Imakumana ndi inzake ya kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo zikakanika amapita nazo kwa akulu. Namkungwi naye amakulira pamapazi a namkungwi mnzake amene amamudzudzula. Makolo athu adadziwa kale kuti wolangiza anthu ayenera kukhala ndi womulangiza.

Mnzangayo adaonjeza kuti masemina a masiku ano ndi okadyera alawansi ku mahotela a kunyanja basi. Pamenepo sindingamutsutse kwenikweni, ndipo ndi chifukwa chake sindikunena za kusaina dzina pa pepala ndi kulandira envulopu. Ndikunena za kuphunzira kumene kumasintha zochita za munthu Lolemba m'mawa. Taonani ku Harare, kumene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mu 2006. Agogo a sukulu yochepa amakhala pa benchi panja pa chipatala kumvetsera odwala nkhawa, koma amaphunzitsidwa ndipo amayang'aniridwa. Pa kafukufuku wa anthu 573 amene adasindikizidwa mu 2016, patatha miyezi 6 pafupifupi 14 pa 100 alionse mwa okhala pa benchi ndi amene adali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa olandira chithandizo cha nthawi zonse adali pafupifupi theka. Mphatso agogowo adali nayo kale. Chimene adaonjezeredwa ndi maphunziro ndi diso la munthu wina.

Tsono ndiweruze bwanji? Ndikuona kuti mlandu wa tsiku lija azakhali akugawana ndi onse amene adawasiya zaka zonsezo ndi nzeru za chaka chimene adamaliza sukulu. Komabe kagawo kawo kalipo, ndipo iwo eni sakukana: sadafunsepo ngati zimene ankadziwa zikadali zoona. Munthu wovutika maganizo sangathe kuyesa mlangizi wake monga timayesera nsomba pamsika, amangomukhulupirira. Amene walandira chikhulupiriro chotere ali ndi ngongole yofunsa kosalekeza.

Anzanga, ambirife tatsala pang'ono kuvala mikanjo ndi kupachika mapepala athu m'galasi. Pa pepala lililonse padzalembedwa deti, ndipo detilo lidzangonena tsiku limene tidadziwa zimene tidadziwazo. Akulu adati mphini yobwereza ndiyo imawala. Satifiketi ya azakhali ikadali pabalaza pomwepo, koma tsopano Loweruka loyamba la mwezi amakumana ndi alangizi anzawo anayi kufotokozerana pamene akukayika. Mayi uja sadamupezenso. Msasa utatsekedwa palibe adadziwa kumene adalowera.