Kodi Kukopera N'kuba?

Mnzanga wa ku ofesi atandipeza pakhonde, bulashi ili m'manja, anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, pa msinkhu wanuwu mwayamba kuonera ngati mwana pa mayeso?" Mawuwa anandilasa mtima, pakuti ndinalidi kukopera ntchito ya munthu wina.

Chithunzicho n'cha Johannes Vermeer, katswiri wa mumzinda wa Delft ku Netherlands, yemwe anabadwa mu 1632 n'kumwalira mu 1675 ali m'ngongole. Anachijambula cha m'ma 1658 ndipo chimasungidwa ku Rijksmuseum, mumzinda wa Amsterdam. Mulibe mfumu kapena nkhondo. Muli mtsikana wantchito yekha, ataima pafupi ndi zenera, akutsanulira mkaka m'mbiya, buledi ali patebulo. Ine ndinkatsanzira chosindikizidwa m'buku.

Kodi ndinali kuba? Taganizirani za Han van Meegeren, wa dziko lomwelo. Iyeyu sanakopere zithunzi za Vermeer. Ankapeka zakezake motsanzira kajambulidwe ka Vermeer, n'kuzigulitsa ngati za Vermeer, mpaka china chinafika m'manja mwa Hermann Göring, mkulu wa chipani cha Nazi. Mu 1947 khoti linamugamula kukakhala kundende chaka chimodzi. Mlandu wake unali bodza. Ine ndikalemba kuseri kwa chinsalu kuti ndatsanzira Vermeer, palibe amene ndamunamiza, palibenso chimene ndamulanda mwini wake.

Komabe yankho limeneli silinandikhutitse. Kusalakwa pakokha si phindu. Nanga miyezi inayi ya madzulo anga inandipatsa chiyani?

Penti wa mafuta safuna phuma. Umayamba kupaka wopyapyala, n'kudikira masiku kuti aume, kenaka n'kuwonjezera wina pamwamba. Ine ndinkafulumira, ndipo mitundu inkasakanikirana n'kusanduka matope. Manja a mtsikanayo ndinawafufuta katatu konse. Pamene ndinadekha m'pamene ndinayamba kuona zomwe ndinkazilumpha: msomali pakhoma, galasi losweka pazenera, ndi mkono wamanzere umene ukuchirikiza mtsuko kuti mkaka usakhuthuke. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinazindikira kuti Vermeer anakhala nthawi yaitali akuyang'ana munthu amene ena ankangomutuma. Anagwiritsanso ntchito utoto wabuluu wodula zedi, wochokera ku mwala wa lapis lazuli, pa chovala cha wantchito.

Tsiku lina m'mawa ndinalowa kukhitchini n'kupeza mtsikana amene amatithandiza ntchito akutsanulira phala la ana m'mbale, mutu atauweramitsa chimodzimodzi. Wakhala nafe zaka zitatu. Ndinachita manyazi pozindikira kuti ndimadziwa khwinya lililonse la mpango wa mtsikana wa ku Delft, koma dzina la mudzi wa uyu sindilidziwa. Ku ofesi nakonso n'chimodzimodzi: ndimadinda makalata a anthu osakweza maso kuona nkhope zawo.

Tsono kwa mnzanga uja ndikuti, wakuba amatenga chinthu n'kubisa dzina la mwini wake, pamene wophunzira amabwereka maso a mphunzitsi poyera. Ngongole yake amabweza pogwiritsa ntchito masowo pa anthu omuzungulira. Chithunzi changa n'chosaoneka bwino, mkaka wake ukunga chingwe. Koma m'mawa umene uja ndinakoka mpando n'kumufunsa mtsikanayo za kwawo.