Kodi manyowa amafufuta tchimo la kuononga chakudya?

M'dzina la Allah, Wachifundo chambiri, Wachisoni chosatha.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, aliyense wodutsa pamsika wa Kwachena dzuwa likapendeka amaona mulu wa matimati ophwanyika, masamba ofota ndi makoko a nthochi. Kuno ku Tete, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, muluwo sugona usiku umodzi usananunkhe. Kwathu ku Canongola ambiri timasesa masamba a pabwalo n'kuwatentha pamodzi ndi mapulasitiki, utsi n'kulowa m'nyumba ya mnansi.

Komatu zimene tikutenthazo ndi chuma. Munthu akayala masamba ouma ndi udzu, pamwamba pake zotsala za kukhitchini, nathira madzi pang'ono, naphimba pamthunzi kuti dzuwa lathuli lisaumitse, namatembenuza pakatha milungu iwiri iliyonse, pa miyezi itatu amapeza manyowa akuda onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Alimi a ndiwo zamasamba m'chigwa cha Nhartanda angawagule. Kodi ndalama yotere ndi halali? Inde. Makoko ndi masamba si najisi. Pankhani ya ndowe pokha ndi pamene maulama anasiyana: a Shafi'i amaletsa kuigulitsa ngakhale amalola kuithira m'munda, pamene a Hanafi amalola malonda ake. Ndipo mnyamata wokankha wilibala ya zinyalala pofuna riziki lake musamutchule mayina onyoza. Iye akuchotsa chonyansa panjira, chomwe Mtumiki Muhammad (SAW) anachiwerengera m'gulu la swadaka.

Funso lovuta lili pena. Munthu angati: "Popeza zotsala zisanduka manyowa, ndiphike mpunga wochuluka paukwati wa mwana wanga, palibe chotayika." Apa ndiye Satana wapeza khomo. Mu Surat Al-A'raf, ndime 31, Allah watiloleza kudya ndi kumwa, koma watiletsa israafu, kupyola malire. Dzenje la manyowa silisintha lamulo limenelo. Mpunga umenewo unalimidwa ndi thukuta, unaphikidwa ndi makala a mtengo umene unagwetsedwa, ndipo mwini wake woyamba ndi mimba ya munthu. Ngati kuseri kwa mpanda wanu kuli mwana wamasiye amene wagona ndi njala, nsima yanu ya mkute si ya nthaka ayi. Chimene munthu sangadye chipite kwa mbuzi ndi nkhuku, ndipo mbuzi za ku Tete, monga mudziwa, sizikana kanthu. Chimene chiweto chasiya, chimenecho ndiye gawo la dothi.

Wochita malondawa nayenso ali ndi amana. Thumba la manyowa losakaniza ndi mchenga kuti lilemere ndi chinyengo cha pamuyeso. Manyowa osapsa amatentha mbande za mlimi, ndipo mabatire akutha ndi magalasi osweka zikalowamo zimathera m'dimba momwe mukuchokera ndiwo za ana athu.

Mu February 2018 phiri la zinyalala la Hulene ku Maputo linagumuka ndi mvula usiku, n'kukwirira nyumba, anthu oposa 15 n'kufa ali m'tulo. Phirilo linakula ndi ndowa imodzi imodzi yochokera m'makomo a anthu onga ife. Tikatuluka mu Jumu'a ino, aliyense akayang'ane m'ndowa ya kukhitchini kwake, aone zimene zatayidwamo kuyambira dzulo.